Nsapato za Ahedi Sizilankhula

Mukatsika minibasi pa Nsaru n'kufunsa kuti atelala ali kuti, anthu adzayamba akufunsani kaye kuti, "Ati? A ndevu aja?" Matelala alipo angapo pamalopa, koma a ndevu ndi amodzi okha: amalume anga a Umali, amene amakhala pakhonde la sitolo ya a Amini, moyang'anana ndi pamene amayi amayala mtedza ndi tomato. Dzinali likadalipo, ngakhale kuti ndevu zimene zinalibweretsa zinachoka. Za kuchibwano zilipo ndithu, zoyera, zopesa bwino. Ine ndikunena za pamlomo, zimene zinkatsika ngati udzu wa denga n'kuphimba pakamwa ponse, moti munthu sunkadziwa ngati akuseka kapena akukutukwana.

Ine ndine Latifa, mwana wa mlongo wawo. Mayi ananditenga ndili wamng'ono kupita nane ku Durban, ndipo ndinakulira komweko. Zinthu zitandivuta kumeneko ndinabwera kuno, ndikuuza aliyense kuti ndingopuma pang'ono ndione kolowera. Chikwama changa mpaka lero sindinachimasule chonse.

Tsiku limene ndinafika ndinawapatsa moni nditaimirira, ndikuwayang'ana m'maso, dzanja nditatambasula ngati ndabwera kudzafunsira ntchito. Makina anaima. Amalume anali ataluma mapini monga mwa nthawi zonse. Ndevu zinagwedezeka, panatuluka mawu amene ine sindinatolepo kanthu. A Amini, amene akhala akumasulira amalume kwa makasitomala kuyambira kalekale, anasuzumira pa kauntala.

"Akufunsa kuti, kodi mawondo anakulanda pa boda?"

Ndinagwada. Simenti ya pakhondelo ndi yolimba, ndipo jinzi yanga sinasokedwere zimenezo.

Amalume anabadwira chakuno komwekuno. Bambo awo anachokera ku Mangochi ndi makina osokera atamangirira panjinga, nakhazikika kaye ku Nambuma asanasamukire pa Nsaru. Makina ake ndi omwewa, opalasa ndi phazi, ndipo amalume anayamba kuwapalasa miyendo isanafike bwino pansi. Sukulu anailekera panjira, koma palibe munthu pano amene wathandiza sukulu kuposa iwo: theka la ana amene amadutsa m'mawa uliwonse avala yunifolomu yotuluka m'manja mwawo. Amasokanso mikanjo ya Idi, madiresi a kwaya ya ku parishi, ndi masuti a akwati amene fodya wawayendera bwino. Yunifolomu iliyonse amaisoka yaikulu. Mukadandaula kuti mwana akusambiramo, amangoti, "Adzakuliramo," ndipo nkhani yathera pomwepo.

Koma chimene amayeza kwenikweni ndi tepi yawo ija si chiuno kapena mapewa. Amayeza ulemu. Mwana akabwera kudzayezetsa, amalume amaona mmene waimira, mmene walandirira nsalu, ndiponso kumene maso ake ali. Mwana wabwino, kwa iwo, amagwada, amalandira ndi manja awiri, ndipo wamkulu akamalankhula amayang'ana pansi. Woyang'ana wamkulu m'maso ndiye kuti kwawo kulibe anthu. Amadziwa banja lililonse la kuno motero. "A kwa Evance aja, nsalu amagula yabwino, koma ana awo maso ali gwa ngati mbuzi."

Iwo ndi anti Asma anabereka anyamata, Chande ndi ang'ono ake, amene onse anakula n'kupita kutauni. Kenako, atayesa kuti amaliza, kunabwera Salma. Salma anabadwa bwinobwino, ndipo amati anali wolongolola kuposa wailesi. Atatsala pang'ono kuyamba sukulu anadwala malungo aakulu, anagona naye kuchipatala ku Kabudula, ndipo anachira. Koma atabwerera kunyumba, anti anagwetsa mbale yachitsulo kumbuyo kwake, mwana osatembenuka.

Kulankhula sanaiwale. Mawu ake amatuluka okwera pang'ono, chifukwa sadzimva yekha, koma ndi Chichewa chomveka. Makutu okha ndi amene anatseka.

Tsono pali mawu amodzi amene anawalowa amalume ngati singano. Kumene ndinakulira ine, mwana amene makutu ake sagwira ntchito ali ndi dzina lake, ndipo mwana wamakani ali ndi lakenso. Kuno tinaphatikiza. Tsiku lina mayi wina wochokera kuchigayo anaima pakhonde n'kuloza Salma, nauza mnzake kuti, "Ndi uja mwana wosamva wa atelala." Mayiyo sanatanthauze choipa. Koma a Amini amati makina anaima pakati pa msoko, ndipo amalume analavula mapini, chinthu chimene sachita ngakhale pa maliro.

"Mayi, mwana wanga makutu ndi amene anafa. Koma wosamva ayi. M'nyumba mwa Umali simutuluka mwana wosamva."

Kuyambira pamenepo anatsimikiza kuti Salma akhala mwana womvera kuposa ana onse a pa Nsaru, kuti aliyense wonena mawu aja achite manyazi yekha. Anamuphunzitsa ndi manja. Wamkulu akafika, ankamugwira paphewa kuti agwade. Wamkulu akayamba kulankhula, ankaika chikhato pamutu pake n'kuweramitsa pang'onopang'ono, mwachikondi ndithu, mpaka maso afike pansi. Salma anaphunzira msanga. Pamene ine ndinkafika, anali mtsikana wamtali wa Sitandade 4, ndipo azimayi a pamsika ankatengera ana awo kwa iye ngati chitsanzo. Amalume akamva zimenezo, ndevu zinkatukuka.

Kwa ine yekha ndi kumene sankaweramitsa mutu. Ndine msuweni wake, ndipo pachisuweni palibe kugwadirana. Ntchito yathu ndi kunyozana. Madzulo oyamba omwe, tikusenda mtedza kuseri kwa nyumba, anandiyang'anitsitsa pakamwa n'kuseka.

"Iwe Chichewa chako n'chopotoka."

"Wadziwa bwanji? Iwe sumva."

"Ndikuona. Milomo yako imachita ngati ukutafuna mbatata yotentha."

Apa ndi pamene ndinadziwira kuti Salma amamva ndi maso. Ukamuyang'ana n'kulankhula mosathamanga, amatola pafupifupi chilichonse, ndipo chimene waphonya amalumikiza yekha. Anti Asma amacheza naye choncho kukhitchini, maso ndi maso, popanda kuganiza kuti akuchita chachilendo. Mnzake wa pasukulu, Veronica, chimodzimodzi. Pa tsiku la msika Salma amakhala pakhonde ngati akuthandiza kusoka mabatani, koma akuwerenga milomo ya anthu kutsidya kwa msewu. Amadziwa amene akunama mtengo wa mbuzi, ndiponso amene akufunsira mkazi wa mwini.

"Nanga ababa ako amati chiyani akamakulangiza?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Kaya. Ababa salankhula. Ndevu zimangovina."

Ndinaseka, poyesa kuti ndi nthabwala za chisuweni.

"Ndiye umadziwa bwanji kuti akwiya?"

Anaponda pansi ndi chidendene. "Makina. Akakwiya amapalasa mothamanga, simenti imanjenjemera kumapazi. Akakondwa amapalasa ngati akukwera chitunda."

Ndikanayenera kuganizira bwino mawu amenewo. Koma nthawi imeneyo mutu wanga unali pa foni, ndikufufuza njira yobwererera kumene ndinachokera.

Nkhani ya kusukulu inabwera ndi siketi. Madamu Bertha, aphunzitsi a kalasi ya Salma, anabwera nayo kuti aibweze m'chiuno, ndipo atayezedwa sanachoke. Anakhala pabenchi n'kuyamba kuzungulira. Salma ndi mwana wabwino. Salma ndi waukhondo. Koma Salma wabwereza kale kalasi imeneyi, ndipo akuoneka kuti abwerezanso. M'kalasi muli ana odzaza mpaka pakhomo. Iye ndi wamtali, amakhala kumbuyo. Ukamuloza kuti ayankhe, amaimirira mwaulemu, amaweramitsa mutu, basi. Ungakuwe bwanji, chete. Chodabwitsa n'chakuti masamu olembedwa pabolodi amakhoza, moti aphunzitsi ena akuti amaonera kwa Veronica.

"Ndiye ahedi akuti mubwere mudzakambirane. Maganizo awo ndi akuti mwina ayambe wakhala kaye pakhomo, mpaka malo atapezeka kusukulu ya ana a vuto ngati lakeli."

Sukulu zoterozo zili kutali, n'zogonera komweko, ndipo malo ake sapezeka ngati tomato. Tonse tinadziwa tanthauzo la "kukhala kaye pakhomo." Mtsikana akakhala kaye pakhomo, yunifolomu imasanduka chovala chopitira kudimba.

Amalume anangoti, kudzera mwa a Amini, "Akuluakulu a sukulu ndi amene akudziwa."

Madzulo ake anti Asma anatsuka mapoto mwaukali moti oyandikana nawo anasuzumira. Salma atauzidwa ndi mayi ake, analowa m'nyumba n'kuvala yunifolomu yake, dzuwa likulowa, nakhala nayo pamkeka osaivula. Ine ndinayamba ulaliki. Ndinauza amalume kuti masiku ano mwana aliyense ali ndi ufulu wophunzira pasukulu ya kufupi ndi kwawo, kuti kumene ndinakulira zoterezi anthu amapita nazo kukhoti, kuti ndaziwerenga pa foni pompano.

Ndevu zinavina. A Amini anamasulira mosangalala kwambiri: "Akuti foni yakoyo ili ndi ana angati?"

Komabe anandilola kupita nawo, chifukwa anti anati miyendo ikuwawawa, ndipo pankafunika munthu wamkazi woperekeza mtsikana. Anti anandipatsa chitenje kuti ndiphimbe jinzi.

Ofesi ya ahedi, a Januario, ndi kachipinda kamene theka lake ladzaza ndi matumba a ufa wa phala la ana. A Januario ndi munthu wabwino mtima, wonenepa pang'ono, wokonda mawu ake omwe. Suti imene anavala inali yosoka amalume, ndipo nayonso inali yoti adzakuliramo. Amalume anapatsidwa mpando. Ine ndinakhala pa thumba la ufa. Madamu Bertha anaima pafupi ndi khomo, bokosi la choko lili m'manja. Salma anagwada pakati pa chipinda, manja pamiyendo, maso pa nsapato za ahedi. Amalume anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati tonse taona magwadidwe amenewo.

Ahedi anayamba ndi mbiri ya sukulu. Anafotokoza za kuchepa kwa aphunzitsi, za denga la Sitandade 2, za mphunzitsi wodziwa za ana olumala amene amayendera sukulu zambirimbiri pa njinga imodzi ndipo kuno amafika mwa apo ndi apo. Zonsezo zinali zoona. Kenako anati, "Kuti musanene kuti tikumunamizira mwana, taonani nokha."

Anakweza mawu mpaka ana a kalasi yoyandikana anakhala chete.

"SALMA! DZINA LA BAMBO AKO NDANI?"

Salma anayang'anabe nsapato.

"FAIFI KUPHATIKIZA FAIFI?"

Chete. Ntchentche inatera pa thumba la ufa.

"Mwaona, a Umali? Si kuti sitikumufuna. Koma tingamuphunzitse bwanji?"

Apa ine ndinaimirira n'kuyamba za ufulu zija, Chichewa chikundithawa, Chingerezi chikulowerera. Ahedi anandimvetsera mwaulemu ngati mmene munthu amamvetserera mvula padenga, kenako anayambiranso pa denga la Sitandade 2. Nkhani inali ikupita kumapeto, ndipo mapeto ake anali oti Salma atsale pakhomo.

Madamu Bertha anali ataima nthawi yaitali. Posintha mwendo, bokosi linapendekeka, choko n'kumwazika pansi mpaka pa mawondo a Salma. Madamu anagwada kuti atole. Ali chogwada choncho, nkhope yawo ili m'munsi mwenimweni mwa nkhope ya Salma, anatembenukira kwa ine n'kunong'ona, mawu osatuluka n'komwe, milomo yokha.

Salma anaphulika kuseka. Kuseka kwake n'kwa munthu amene sadzimva: kokwera, kochokera m'mimba. Anayesa kutseka pakamwa, koma kunali kutatuluka kale.

Amalume anauma pampando. Mwana wawo, pamaso pa ahedi!

"Akuseka chiyani?" anafunsa ahedi.

Madamu Bertha anali kalikiliki kutola choko chimene anali atatola kale.

"Iwe wa ku Joni, tamufunsa. Akuseka chiyani?"

Ndinamukoka Salma pa mkono kuti andiyang'ane, n'kumufunsa. Iye, poti analeredwa kuti wamkulu akafunsa uyankhe zoona, anayankha ndi mawu ake okwera aja:

"Madamu akuti ahedi akayamba kulankhula, phala limapsa n'kuzizira."

Ndinaganiza kuti tathera pomwepo tonse, Madamu Bertha poyamba. Koma a Januario anangokhala kukamwa yasa. Sanakwiye, nkhope yawo inali ya munthu amene masamu amukana.

"Dikirani kaye. Ine ndakuwa mpaka kukhosi kwandiwawa, osamva. Madamu anong'ona, ine amene ndili ndi makutu awiri sindinamve, iye wamva. Zikutheka bwanji?"

Ndinamufunsanso Salma. Anayang'ana kwa bambo ake kaye, kenako kwa ine, ngati funsolo ndi lopusa.

"Madamu ndinawaona pakamwa. Ahedi ndimangoona nsapato. Nsapato sizilankhula."

"Nanga bwanji osandiyang'ana kumaso?"

"Ababa anandiphunzitsa kuti wamkulu sayang'anidwa."

Madamu Bertha anakhala pansi penipeni, pa simenti, choko chili m'manja. "Mayo ine. Ndiye chaka chonsechi ndikamuloza, iye n'kuweramitsa mutu, ndiye kuti akutseka makutu ake enieni? Ndipo ine ndimaphunzitsa nditayang'ana bolodi!"

Ahedi anasuntha mpando, nawerama, nayesa kulowetsa nkhope yawo m'munsi mwa nkhope ya Salma monga anachitira madamu. Mimba inawaletsa. Salma, poona wamkulu akuyandikira, anaweramitsa mutu kwambiri. Ahedi akatsika, iye amatsikanso. Zikanapitirira, onse awiri akanagona pansi.

"A Umali," anatero ahedi akupuma mwamphamvu, "mwana uyu ngati angandiyang'ane, ndi kuyang'ana madamu, tingamuike kutsogolo tiyesere mpaka mayeso. Koma sadzutsa mutu popanda inu. Tamuuzani."

Zimene amalume ankapemphedwa zinali zoti agwetse ndi pakamwa pawo nyumba imene anamanga okha. Koma si munthu wokana mawu a ahedi. Anakonza kukhosi, nagwira Salma paphewa, ndipo iye anadzutsa maso pang'ono, mwamantha, mpaka pa chibwano chawo.

"Salma, mwana wanga, ayang'ane ahedi."

Ndevu zinavina. Salma anaziyang'ana, kenako anatembenukira kwa ine.

"Akuti chiyani?"

"Ndikuti uwayang'ane ahedi!"

"Latifa, akuti chiyani ababa?"

Amalume anandiyang'ana ine. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso osandidzudzula.

"Kodi sakundimva?"

"Sakuonani pakamwa, amalume. Ndevu."

"Lero lokha?"

Anatembenukira kwa Salma, kenako kwa ine kachiwiri.

"Nanga zonse ndakhala ndikumuuza zija? Madzulo alionse ndimakhala naye pakhonde. Za agogo ake, za makinawa mmene anabwerera, za mmene munthu amakhalira ndi anthu. Amagwedeza mutu."

Ndinamufunsa Salma, ngakhale sindinafune. Iye anati, "Ndimagwedeza chifukwa ndi ulemu. Zikakhala zofunika amayi amandiuza pambuyo."

M'chipindamo munalibe woseka. Amalume anaimirira, nathokoza ahedi ndi manja awiri monga mwa khalidwe lawo, natuluka. Sananene kuti inde, sananene kuti ayi. Ahedi anandiuza kuti mpando wa kutsogolo ulipo, koma mwana wongoyang'ana pansi sungamuthandize kanthu.

Masiku otsatira Salma sanapite kusukulu. Amalume anapalasa makina, koma Salma anandiuza kuti sakuwamvetsa: sanali othamanga, sanali a chitunda, ankangoima n'kuyamba, kuima n'kuyamba. Anasoka thumba la malaya a munthu mozondoka, chinthu chimene a Amini akuti sichinachitikepo. Anti Asma anangonena kamodzi kokha, akuwapatsa madzi osamba m'manja: "Bambo a Chande, ulemu wake wauona aliyense. Tsono adya ulemuwo?"

Lachisanu m'mawa, asanapite ku mzikiti, amalume anavundikira makina ndi nsalu n'kuwoloka msewu kulowa m'kanyumba ka Noel wometa. Noel akuti anafunsa kawiri ngati wamva bwino. Atatuluka, msika unaima. Pamene panali denga la udzu paja panali kamlomo kotuwa, kanthete, kamene sikanaonepo dzuwa chiyambire ine ndisanabadwe.

"Salaam aleikum, achimwene," anatero a Amini. "Mukufuna ndani? Atelala atuluka."

Amayi a tomato anaombera m'manja. Wina anakuwa kuti anti Asma apeza mwamuna wachinyamata. Ku mzikiti a shehe anawagwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti akhala akuwauza kwa zaka zambiri kuti za pamlomo zimafunika kudula, za kuchibwano ndiye zosunga. Ndiye zatengera ahedi a Chikatolika kuti amve? A Amini okha ndi amene anali ndi chisoni chenicheni, poti ntchito yawo yomasulira inathera pomwepo.

Atabwerako anakhala pabenchi, osati kumakina, ndipo mapini anawabaya pa kolala. Anandituma kuti ndiitane Salma. Anabwera, nagwada, maso pansi. Amalume anatambasula dzanja lomwe lija limene linkaweramitsa mutu wake, koma ulendo uno analiika pansi pa chibwano n'kukweza.

Salma anayang'ana. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ababa, muli ndi mpata m'mano!"

"Ndinabadwa nawo," anatero amalume, pang'onopang'ono, ngati munthu woyesa nsapato zatsopano.

"Mwati munabadwa nawo."

"Eya."

"Nenaninso china."

Milomo ya amalume inanjenjemera, ndipo popeza panalibenso pobisala, tonse tinaona. Ine ndinayang'ana kumbali. Ulemu wina ndinali nditaphunzirako.

"Tamvera, Salma. Lolemba ukupita kusukulu. Ukakhale kutsogolo. Madamu akamalankhula, uwayang'ane pakamwa. Ahedi, pakamwa. A shehe, pakamwa. Ine, pakamwa."

"Anthu adzati ndine wamwano."

"Anene. Adzati mwana wa Umali ndi wosamva." Anaima kaye, mawuwo akuwawawa ngati tsabola. "Uziwayang'ana bwinobwino akamanena, kuti udzandiuze amene wanena."

Lolemba anapita. Sindinganene kuti zonse zinayenda ngati msoko wowongoka. Madamu Bertha anazolowera kulankhula ndi bolodi, ndipo ankaiwala. Anagwirizana kuti akatembenuka akulankhula, Salma azigogoda pa desiki. Sabata yoyamba kalasi inkamveka ngati mwa kalipentala, ndipo ana ena anayamba kugogoda nawo pongofuna phokoso. Kukachita mitambo m'kalasi mumada, milomo sioneka bwino, ndipo tsiku lotero Salma amabwera atatopa ndi wokwiya. Mphunzitsi wa panjinga uja atafika, anayamba kumuphunzitsa iye ndi Veronica chinenero cha manja, ndipo amalume anavutikanso mtima poona kuti m'chinenerocho muli kuloza anthu ndi chala, akuluakulu omwe. Anapita kukafunsa a shehe. Sindikudziwa chimene anayankhidwa, koma masiku ano ndimawapeza akuyeserera okha kuseri kwa makina, zala zikukana.

Azimayi a pamsika anasiya kutengera ana awo kwa Salma. Mmodzi anabwera ndithu pakhonde kudzadandaula kuti mtsikana uja wasintha, akumuyang'ana munthu m'maso ngati wapolisi.

"Ndinamutuma ndine," anatero amalume, momveka bwino, popanda womasulira. "Ndipo samalani zimene mumanena kutsidyako. Amandiuza."

Mayeso atatuluka, Salma sanakhale nambala wani, ndipo Chingerezi chinamugwetsa ndithu, poti milomo ya Chingerezi sanaizolowere. Koma anakhoza, ndipo za kukhala kaye pakhomo palibe anazitchulanso. A Januario anabwera okha pakhonde kudzanena, ndipo anayambira pa denga la Sitandade 2.

Madzulo amalume amakhalabe naye pakhonde dzuwa lisanalowe, kuwala kukadalipo, ndipo anayambiranso nkhani zonse kuchokera pachiyambi: agogo, njinga, makina. Salma akuti zina n'zotopetsa, ndipo tsopano sagwedezanso mutu; amawadula pakati n'kunena kuti, "Imeneyo munanena dzulo." Ine amandinenabe kuti mawondo anga ndi a ku boda. Ndikawakumbutsa kuti Salma amawayang'ana m'maso, amati iye ali ndi chifukwa, ine ndilibe.

Yunifolomu ya Sitandade 5 anamusokera yatsopano. Pomuyeza anagwada iwo, kuti nkhope zifanane, tepi ili m'khosi, pakamwa popanda pini. Itatha, Salma anaivala n'kutambasula manja. Mikono inapitirira zala.

"Ababa, yakula."

Amalume anadikira mpaka atawayang'ana.

"Udzakuliramo. Makalasi akadalipo ambiri."